Utuchi wa MDF, chipibodi ndi pulayiwudi pa kompositi: mafunso ndi mayankho

Dimba langa lili kuseri kwa nyumba, ndipo patsidya pa msewu pali mashedi a akalipentala. Ndakhala ndikututa utuchi kumeneko pa wilibala kwa zaka zambiri, choncho anzanga olima ndiwo zamasamba akandiona amandiimitsa ndi mafunso, ndipo kawirikawiri amakhala omwewo. Kale nkhaniyi inalibe zokambirana zambiri, chifukwa kalipentala ankangocheka mlombwa, mbawa, malayina ndi paini. Lero makabati a kukhitchini, mawadirobu ndi madesiki ambiri ndi a mabodi, ndipo fumbi la mabodiwo limagwera pansi pomwepo pamene pamagwera zopala za paini. Mafunsowa ndawasanja kuyambira apafupi kupita ozama.

1. Mukamati matabwa opangidwa ku fakitale mukutanthauza ati?

Ndi matabwa onse amene sanachekedwe mwachindunji kuchokera ku chipika, koma anachita kuumbidwa pomata zidutswa za mtengo ndi guluu pa moto ndi mphamvu ya makina. Pulayiwudi ndi timapepala ta mtengo topyapyala tomatidwa mopingasana. Bulokubodi ili ndi timizere ta paini pakati, kunja n'kuikuta ndi timapepala tomweto. Chipibodi ndi tizibenthu ta mtengo tothinikizidwa pamodzi, ndipo mukaithyola mumationa. MDF ndi ulusi wa mtengo wopera kwambiri, wosalala ngati katoni yolimba, ndipo ndi imene imatulutsa fumbi lofanana ndi ufa. Mabodi oyera onyezimira amene ambiri amangowatchula kuti melamini ndi chipibodi kapena MDF yokutidwa ndi pepala lonyikidwa mu utomoni wolimba.

Ena amapangidwa konkuno, monga a Raiply ku Chikangawa, ena amalowa kuchokera ku South Africa, China ndi maiko ena.

2. Mwachidule, ndithire pa kompositi kapena ayi?

Ngati kompositiyo ikupita pa mpiru, repu, tomato, anyezi kapena china chilichonse cholowa m'poto, musathire. Gwiritsani ntchito utuchi wa matabwa enieni, osapaka penti komanso osathira mankhwala. Utuchi umene simukudziwa kumene wachokera muuwerengere ngati wosakanikirana, ndipo nawonso usalowe.

Sindikunena kuti kambale kamodzi ka fumbi la MDF kapha banja lanu. Chifukwa chenicheni chokanira chili pa funso 5, ndipo sichili chimene anthu ambiri amayamba kuchiganizira.

3. Mu guluu wa mabodiwa muli chiyani?

MDF, chipibodi ndi pulayiwudi ya m'nyumba nthawi zambiri amamatira urea-formaldehyde. Pulayiwudi yopirira mvula amamatira phenol-formaldehyde, amene mumamuona ngati timizere takuda pakati pa timapepala. Mabodi opirira chinyezi amawonjezeramo melamini mu guluuyo, ndipo ena atsopano amamatira guluu wa isocyanate. Amathiramonso phula pang'ono kuti bodi isamwe madzi msanga.

Kuchuluka kwake ndiye kofunika kudziwa. Mu MDF, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake ndi guluu. Mukanyamula fumbi la MDF lolemera makilogalamu 10, mwanyamula kilogalamu imodzi ya guluu wouma.

4. Ndinamva kuti formaldehyde amayambitsa khansa. Kodi alowa m'masamba anga?

Formaldehyde ndi mpweya wotuluka mu guluu wa mabodiwa, ndipo zoti amayambitsa khansa n'zoona. Bungwe la IARC, la ku Lyon ku France, lomwe lili pansi pa WHO, linamuika m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu mu 2004. Koma ngoziyo imadza pomupuma kwa nthawi yaitali, ndipo khansa yake yodziwika ndi ya kuseri kwa mphuno ndi kummero. Fumbi la matabwa palokha, ngakhale la mtengo wopanda guluu, linaikidwa m'gulu lomwelo mu 1995. Munthu amene ali pa ngozi yaikulu pa nkhani yonseyi ndi mnyamata uja amene amakwecha MDF ndi sandipepa tsiku lonse wopanda chotseka kumphuno, tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Ndikamuona ndimamva chisoni kuposa mmene ndimaderera nkhawa tomato wanga.

M'nthaka yachinyezi formaldehyde sakhalitsa. Tizilombo ta m'nthaka timamuphwanya m'masiku ochepa, ndipo saunjikana m'masamba monga mmene zitsulo zapoizoni zimachitira. Zomera komanso matupi athu amamupanga okha pang'onopang'ono. Ndipotu urea-formaldehyde amagulitsidwa m'maiko ena ngati feteleza wosungunuka pang'onopang'ono, wokhala ndi nayitirojeni pafupifupi 38 pa 100 aliwonse, wothira pa kapinga ndi m'manazale. Ngati mantha anu onse ali pa formaldehyde kulowa mu mpiru, mtima ukhale pansi. Zoopsa zili pena.

5. Nanga ngati guluuyo amawola, mukukanizirabe chiyani?

Chifukwa pansi pa shedi ya kalipentala sipagwa guluu yekha. Tsiku limodzi khalani pa benchi muone. M'mawa apala paini wa mafelemu a zitseko. Cha m'ma 10 acheka bodi ya melamini, tizibenthu toyera n'kumathethekera uku ndi uku. Kenako ameta kalamba ka pulasitiki kamene amamata m'mphepete mwa bodi, komwe nthawi zambiri kamakhala ka PVC kapena ABS, ndipo timalezo take timagwa ngati tinsomba tating'ono. Masana akwecha chitseko chakale cha penti wa mafuta. Madzulo apopera vanishi, atayira pansi thina wotsukira burashi. Poweruka mwana wa ntchito asesa zonsezo ndi tsache limodzi n'kuziika m'thumba limodzi, ndipo thumba limenelo ndi limene inu mumagula kapena kupatsidwa.

Chikopa cha melamini ndi pulasitiki ya m'mphepete siziwola. Zimangosweka kukhala tizidutswa tocheperachepera n'kukhala m'nthaka. Penti wakale wa mafuta angakhale ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ngakhale utakhala wochepa. Mabodi ena amathiramo mankhwala oletsa moto kapena nkhungu, ndipo wogula sauzidwa kuti ndi mankhwala anji. Chipibodi ya m'maiko ena imapangidwa ndi matabwa akale ophwanyidwa, omwe anali ndi penti ndi zina zawozawo.

Ndinaziona ndekha. Chaka china ndinalandira matumba asanu kwa mmisiri wina wa makabati, ndili wokondwa kuti ndapeza zaulere. Ndinawasanjika ndi zitosi za nkhuku monga mwa nthawi zonse. Choyamba, fumbi la MDF litanyowa linagwirana ngati phala lozizira, ndipo litauma linachita chikhakha moti madzi a m'kheni ankangotsetsereka pamwamba. Ndikapisa dzanja, m'kati munali mouma gwa, pena monyowa mopitirira ndi fungo loipa. Chachiwiri, patadutsa dzinja ziwiri ndikusefa dothi la pabedi imene ndinathirapo, mu sefa munkatsala tizibenthu toyera ndi timalezo tabulauni, tatsopano ngati tagwa dzulo. Mpaka lero ndikamalima pamenepo khasu limatitukula. Feteleza mukamuchulutsa mvula imamutsuka, koma izi palibe chozichotsa kupatula kufukula dothilo.

6. Melamini ameneyu ndi yemwe uja anadwalitsa ana ku China?

Ndi mankhwala omwewo, koma m'maonekedwe osiyana. Mu 2008 anthu ena ku China anathira ufa wa melamini mu mkaka kuti uoneke ngati uli ndi mapuloteni ambiri. Makanda pafupifupi 300,000 anadwala impso ndipo osachepera 6 anamwalira. Kumeneko unali ufa womwedwa mwachindunji. Pa bodi, melamini anaphikidwa kale n'kukhala chikopa cholimba chosasungunuka. Vuto lake m'dimba ndi lija ndatchula pa funso 5, loti sachoka.

7. Pulayiwudi ndi bulokubodi si zabwinoko poyerekeza ndi MDF?

Ndi zabwinoko ndithu. Mbali yaikulu ndi mtengo weniweni, guluu ali m'mizere yokha, ndipo utuchi wake ndi wokhakhala, suumbika ngati wa MDF. Pulayiwudi yosapaka kanthu ikagwera pang'ono m'thumba la utuchi wa paini, ine sindingataye thumba lonselo.

Samalani ndi ziwiri izi. Pulayiwudi yofiirira kapena yakuda yosalala imene omanga amakhomera pothira konkire imakutidwa ndi chikopa cha phenol, ndipo ikagwira ntchito imakhala ndi simenti komanso mafuta amene amapaka kuti konkire isamatirire. Ina ndi pulayiwudi yopangira panja, yomwe ina mwa iyo imathiridwa mankhwala a chiswe. Ziwirizi zili m'gulu la funso lotsatirali.

8. Nanga matabwa othira mankhwala a chiswe?

Apa ndiye palibe kukambirana. Asalowe pa kompositi, m'khola, pa moto wophikira kapena pa tinjira ta m'dimba.

Matabwa ndi mapolo obiriwira mofuwira nthawi zambiri amakhala othiridwa CCA, kutanthauza kopa, chromium ndi poizoni wa arsenic zolowetsedwa m'kati mwa mtengo ndi mphamvu ya makina. Mankhwalawa anawatulukira ku India m'zaka za m'ma 1930, ndipo amagwiradi ntchito: chiswe sichiyandikira. Dziko la America linasiya kuwagwiritsa ntchito pa matabwa a pakhomo kumapeto kwa 2003, koma kuno kumwera kwa Africa akadali ofala pa mapolo a mpanda, a magetsi ndi matabwa a denga. Ochokera ku South Africa amakhala ndi chidindo cha H2 mpaka H6 chosonyeza mphamvu ya mankhwalawo. Arsenic ndi chromium ndi zinthu zosawola mpaka kalekale. Kopa akachuluka amapsereza mizu ndipo amathamangitsa nyongolotsi. Mankhwala atsopano olowa m'malo mwa CCA alibe arsenic, koma kopa ndiye ali nawo wambiri.

Mapolo akuda onunkha ngati phula, monga ena a magetsi ndi matabwa akale a njanji, ndi othiridwa creosote. Palinso chizolowezi chathu chopaka matabwa a denga oyilo wakutha wa galimoto kapena mankhwala a chiswe a m'botolo. Oyilo wakutha amakhala ndi zitsulo zoperesedwa mu injini. Zonsezi zikachekedwa, utuchi wake ndi woopsa kuposa thabwa lake, chifukwa madzi amafika pa kachidutswa kalikonse n'kusungunula mankhwalawo msanga.

9. Ndingazindikire bwanji utuchi wosakanikirana?

Tapani dzanja limodzi pansi penipeni pa thumba, pamwamba pokha ayi, ndipo muwaze pa pepala loyera padzuwa. Utuchi wa mtengo weniweni uli ndi timinga tosiyana kukula, ndipo umanunkhira mtengo wake: paini utomoni, bulugamu ngati mankhwala a chimfine, mlombwa fungo lake lokoma lija. Wa MDF ndi ufa wabulauni wofanana ponseponse, umakanirira m'mizere ya chikhatho, ndipo ukauluka pafupi umayabwa m'mphuno ndi m'maso. Tizibenthu toyera, totuwa kapena tonyezimira ndi melamini. Timalezo topiringizika tosathyoka mukatipinda ndi pulasitiki. Mtundu wobiriwira ungakhale CCA, kapena utoto umene amaika mu MDF yopirira chinyezi kuti izindikirike. Wofiira kapena wapinki amaika mu MDF yoletsa moto. Simungasiyanitse bwino ndi maso, choncho wobiriwira uliwonse usiyeni.

Mungathirenso utuchiwo m'botolo la madzi n'kukhutchumula. Mafuta akayandama pamwamba ndi mitundu ngati ya utawaleza, muli oyilo kapena thina. Dziwani kuti madzi kuchita bulauni kapena kufiira si chizindikiro choipa, mitengo ngati mlombwa ndi bulugamu imatero yokha.

Maso ali ndi malire ake. Thabwa la CCA likakhalitsa padzuwa limatuwa ngati lina lililonse. Njira yodalirika ndi ya pa funso 10.

10. Kalipentala ndimufunse chiyani osamukhumudwitsa?

Musayambe ndi nkhani ya poizoni ngati mwabwera kudzamuimba mlandu. Mupatseni moni, mumuuze kuti utuchiwo ndi wa kudimba. Ine ndimati, "Achimwene, sabata ino mwacheka zotani? Mabodi munagwirako?" Akati eya, ndimapempha kuti, "Tsiku limene mukupala paini, mundisesereko padera musanayambe mabodi. Matumba ndi awa." Ndimasiya matumba anga olemba dzina, ndipo nthawi yokolola ndimawapititsira tomato kapena mtolo wa mpiru. Bambo wina wachikulire amene ndimatengako anachita kuyala lona pansi pa benchi yopalira kuti zopalazo zisakhudze pansi. Anandiuza kuti iyenso ali ndi dimba kumudzi ndipo sanaganizirepo za nkhaniyi.

Gwero labwino koposa ndi kumene amacheka zipika zaziwisi, kaya pa makina kaya ocheka pamanja m'nkhalango, chifukwa kumeneko mtengo sunakumanebe ndi guluu kapena penti. Zopala za makina opalira matabwa ndi zabwinonso, poti palibe amene amalowetsa bodi m'makina opalira. Fumbi la pansi pa sowo ya patebulo ndi la pokwechera ndi limene limasakanikirana kwambiri.

11. Kompositi ikatentha kwambiri siipha poizoniyo?

Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65. Kutentha kumeneko kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda, ndipo kumathandiza kuphwanya utomoni wa paini, mafuta a bulugamu ngakhale mbali ina ya guluu. Zitsulo ndi pulasitiki sizimva. Zimafika poipa, chifukwa mulu ukamawola umafwa mwina mpaka theka pamene zitsulo zili zomwe zija, ndiye kuti mu fosholo iliyonse ya kompositi yakupsa muli zochuluka kuposa poyamba. Zilibe kanthu kuti mwapanga ya chimato, ya changu kapena ya m'dzenje.

12. Ndimagula manyowa a nkhuku osakanikirana ndi utuchi. Pali vuto?

Funso ili ndi limene anthu ambiri amaliiwala, chonsecho utuchi wambiri wolowa m'madimba a m'tauni umadzera m'khola la nkhuku za nyama. Woweta amagula matumba ku mashedi, amayala m'khola, pakatha masabata asanu ndi limodzi n'kugulitsa zitosizo kwa alimi. Ngati utuchi unali wosakanikirana polowa, ndi wosakanikiranabe potuluka, kungoti tsopano sukuonekanso bwino. Funsani woweta kumene amautenga, ndipo manyowawo muwaone padzuwa monga pa funso 9.

Kwa inu oweta, nkhaniyi ikukhudzanso nkhukuzo. Anapiye amajompha chilichonse cha pansi, ndipo fumbi la MDF limawatsamwitsa ndi kuwayabwa m'maso. Ku Ulaya kunapezekapo mazira okhala ndi poizoni wa dioxin, ndipo atafufuza anapeza kuti anachokera ku zopala za matabwa othiridwa mankhwala oteteza matabwa otchedwa pentachlorophenol zimene zinayalidwa m'khola. Zopala zikuluzikulu za paini ndi zimene zimayenera, kapena mankhusu a mpunga kumene amapezeka. Olima bowa pa utuchi nawonso asamale kwambiri, popeza bowa amakoka zitsulo kuchokera pa chimene wamerapo.

13. Ndathira kale m'dimba. Nditani tsopano?

Zikutengera chimene munathira. Ngati munangoyala pamwamba, kokolani ndi reki pamodzi ndi dothi la pamwamba pang'ono n'kuchotsa. Ngati munalimira pansi fumbi la MDF kapena pulayiwudi lochepa, kamodzi kapena kawiri, musazule mbewu zanu. Lekani kuthira, wonjezerani manyowa abwino, tolani tizidutswa timene mukutiona, ndipo ndiwo muzitsuke bwino monga mwa masiku onse.

Ngati mukukayikira kuti munali CCA, penti wakale kapena phulusa la zimenezi, chitani zambiri. Pa bedi yaing'ono fukulani dothi la pamwamba kuzama kwa khasu n'kubweretsa lina. Pamalo aakulu mangani mabedi okwera ndi dothi latsopano, ndipo pansi pamene patsala mupaphimbe ndi udzu kuti fumbi lisamauluke. Pamenepo musabzalepo karoti, mbatata ndi ndiwo zamasamba zoyandikira pansi, chifukwa arsenic ndi mtovu zimakhala kwambiri m'mizu, m'makoko ndi m'dothi lomatirira pa masamba. Mbewu zobereka m'mwamba monga tomato, chimanga ndi nyemba zimatenga zochepa. Chachikulu ndi ana: mwana wokwawa amadya dothi lenilenilo, ndiye asamasewere pamenepo, ndipo azisamba m'manja asanadye.

14. Pa maluwa, mitengo ya mthunzi kapena tinjira nditha kuthira?

Utuchi wa pulayiwudi kapena MDF yosakutidwa, wopanda pulasitiki, penti kapena mankhwala a chiswe, mungauwoletse pa mulu wakewake n'kuthira pa maluwa kapena pa mpanda wa mitengo. Usapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a muluwo, ndipo muusakanize ndi udzu kuti usaumbike. Kumbukirani kuti malo a pakhomo amasintha ntchito. Pamene pali maluwa chaka chino, chaka chamawa wina adzabzalapo nkhwani, ndipo nkhuku zimapalasa paliponse. Wotsala wosakanikirana uja mangani m'thumba upite kumtaya wa khonsolo. Musautaye mu mtsinje, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

15. Bwanji ndingoutentha n'kuthira phulusa lake?

Ayi. Guluu wa urea ndi melamini akamapsa pa moto wofuka amatulutsa formaldehyde ndi mpweya wina wapoizoni, kuphatikizapo hydrogen cyanide. PVC imatulutsa utsi wa asidi ndi dioxin. Thabwa la CCA likapsa, arsenic wina amapita mu utsi, wotsalayo amaunjikana m'phulusa lochepa lija, moti phulusa limenelo laphapo ng'ombe zimene zinalinyambita chifukwa cha kukoma kwake kwa mchere.

Izi zikukhudza amayi ophikira pa mbaula za utuchi, opanga mabuliketi, owamba nsomba ndi ootcha nyama, komanso aliyense wotola zidutswa za mabodi kuti akakolezere moto. Zikukhudzanso opanga feteleza wa Mbeya, amene amafuna phulusa lambiri losakaniza ndi gaga, ndowe ndi feteleza pang'ono. Phulusalo likhale la nkhuni zenizeni kapena zitsononkho.

16. Ndapeza utuchi wabwino. Chifukwa chiyani mbewu zanga zinachita chikasu nditauthira?

Si poizoni, ndi njala. Utuchi uli ndi kaboni wambiri koma nayitirojeni wochepa kwambiri, magawo 200 mpaka 500 a kaboni pa gawo limodzi la nayitirojeni. Tizilombo towoletsa timafuna pafupifupi 30 pa limodzi. Mukalimira utuchi wauwisi pansi, tizilomboto timalanda nayitirojeni yense wa m'dothi kuti tiudye, mbewu n'kutsala zopinimbira, masamba a m'munsi ali achikasu. Nayitirojeniyo amadzabwerera utuchi ukawola, koma nyengo yanu yapita kale. Mukangouyala pamwamba ngati chophimba, kulandako kumachitika pamwamba pokha ndipo mbewu zokhwima sizivutika, bola musaugunditse ku tsinde komanso usachindikale kupitirira masentimita asanu.

17. Ndiye ndiuwoletse bwanji?

Unyowetseni kaye usanapite pa mulu, chifukwa utuchi wouma umakana madzi. Ine ndimauthira m'mgolo wa madzi usiku wonse. Pa ndowa imodzi ya utuchi ikani ndowa imodzi ya zitosi za nkhuku, kapena ziwiri za ndowe zaziwisi za ng'ombe kapena masamba aawisi monga deliya, gilisidiya, ombwe ndi masangwi a mtedza kapena nyemba. Sanjikani mopyapyala, utuchi usapitirire zala zitatu pa mzere uliwonse, ndipo pakati muziikamo mapesi oduladula kuti mpweya uzidutsa. Wazani dothi la pamwamba pang'ono. Ngati manyowa a ziweto mulibe, thumba la makilogalamu 50 a chimanga likadzaza utuchi wouma limalemera makilogalamu 12 mpaka 15 okha, ndipo limafuna pafupifupi theka la kilogalamu ya urea wosungunula m'madzi. Mkodzo wosungunula ndi madzi umagwiranso ntchito yomweyo.

Chinyezi chake muyese ndi dzanja: mukafinya pazituluka dontho limodzi kapena awiri. Zikani ndodo pakati pa mulu, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi muizule. Ikakhala yotentha, zinthu zili bwino. Ikakhala yozizira koma yonyowa, nayitirojeni wachepa. Ikatuluka youma ndi nkhungu yoyera, thirirani. Tembenuzani pakatha masabata awiri kapena atatu aliwonse. Musayembekezere masiku ochepa ngati kompositi ya udzu ndi masamba. Utuchi umafuna miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, wa mitengo yolimba ngati muwanga nthawi zina kupitirira. Wapsa ukada, ukamanunkhira ngati dothi la m'nkhalango ndipo timinga take tikamafumbutuka pakati pa zala. Mulu woyambidwa mu Epulo kapena Meyi umakhala wokonzeka mvula yoyamba ikamagwa, ngati simunaumane madzi m'chilimwe.

18. Paini ndi bulugamu siziwawitsa nthaka?

Utuchi wauwisi wa paini uli ndi asidi pang'ono, ndipo wa bulugamu uli ndi mafuta olepheretsa njere kumera bwino. Zonsezi zimatha ukawola mokwanira, ndipo kompositi yakupsa sikhala ndi asidi wambiri. Musauthire wauwisi pa nazale basi.

19. Pa bodi palembedwa E1 kapena CARB. Sizikusonyeza kuti ndi yabwino? Nanga mapaleti?

E1 ndi muyezo wa ku Ulaya, CARB ndi wa ku California. Yonseyi imayeza kuchuluka kwa formaldehyde amene bodi imatulutsira mu mpweya wa m'chipinda. Ndi yothandiza pogula kabati ya kuchipinda cha ana, koma sinena kanthu za nthaka, pulasitiki kapena mankhwala ena a m'bodimo.

Mapaleti odutsa malire a maiko amakhala ndi chidindo pambali. HT ikutanthauza kuti anangotenthedwa mpaka madigiri 56 m'kati kwa mphindi 30, popanda mankhwala. MB ndi ofukizidwa mankhwala ophera tizilombo otchedwa methyl bromide, ndipo amenewo ndimawasiya. Ngakhale pa HT onani ngati pali madontho a mafuta kapena mankhwala amene anatayikirapo pa ulendo, komanso timiyendo take, chifukwa mapaleti ambiri ali ndi timabuloko ta chipibodi.

20. Pali njira yoyezera kompositi pakhomo ndisanaithire?

Ilipo, koma imayankha funso limodzi lokha. Tengani zitini zinayi zoboola pansi. Ziwiri mudzaze dothi la m'dimba lokha, ziwiri dothi losakaniza theka ndi theka ndi kompositi yanu. Bzalani nyemba zisanu m'chitini chilichonse, muziike pamalo amodzi ndi kuzithirira mofanana. Pakatha masabata awiri kapena atatu yerekezani. Za m'kompositi zikamera zochepa, zikakhala zachikasu, zopota masamba kapena za mizu yaifupi yabulauni, kompositiyo sinapse kapena muli choipa. Ipatseni miyezi ina iwiri muyesenso. Nyongolotsi zikamalowa zokha pansi pa mulu ndi chizindikiro china chabwino.

Nyemba zingamere bwinobwino pa dothi lokhala ndi mtovu kapena arsenic wokwanira kuvulaza mwana, choncho kuyesaku sikulowa m'malo mwa funso 9 ndi 10. Zitsulo zimaoneka ku labotale kokha. Malo ofufuzira zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe amayeza dothi, ndipo alangizi a kwanu angakuuzeni katengedwe kake. Kuyeza kwa masiku onse kumaona asidi ndi chakudya cha mbewu, ndiye popereka dothilo nenani momveka kuti mukufuna mtovu, arsenic, chromium ndi kopa, kuti ngati n'koyenera akulozereni labotale imene ili ndi makina ake. Tapani dothi m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi a bedi imene mukuikayikira, kuzama masentimita 15 mpaka 20, musakanize m'ndowa yapulasitiki yoyera, muliumitse pamthunzi, ndipo mutengeko theka la kilogalamu m'jumbo yatsopano yolembedwa tsiku ndi malo.